Zomwe Tidamwa ndi Zomwe Tidamva ku Lilongwe

Ife a kunyanja sitisowa kalendala kuti tidziwe nyengo. Tikadzuka m'mawa n'kupeza mabwato onse ali pamtunda, asodzi akusoka chilimira pansi pa mtengo m'malo mopita pamadzi, timadziwa kuti mwera wafika ndipo usipa ukwera mtengo. Tikaona nkhungu zikufuka pakati pa nyanja ngati utsi wa tchire, mitambo ikusonkhana chakumpoto, timadziwa kuti dzinja lakhazikika.

Tsono mwana wathu wamwamuna atapeza ntchito ku Lilongwe, tidapezeka kuti takwera mtunda wa ku Salima katatu m'miyezi isanu ndi itatu: mu Juni, mu Okutobala ndi mu Januwale. Paulendo uliwonse tinkatsagana ndi agogo ake a mwanayo, amene adakanitsitsa kutsala ponena kuti sangamve za mdzukulu wawo m'kamwa mwa anthu ena. Ku Lilongwe kulibe nyanja yoti ikuuzeni nyengo. Kuli mtsinje umene udapatsa mzindawo dzina, ndi wina wotchedwa Lingadzi, basi. Koma pofika ulendo wachitatu tidali titazindikira kuti kumeneko nyengo imaonekera m'kapu, ndiponso kuti munthu wa kwathu akapanda kutchera khutu ku mayina a zakumwa akhoza kumwa chimene sadafune. Tikulemba izi poganizira makolo anzathu ambiri amene ana awo akuthamangira ku likulu kukafuna sukulu, ntchito ndi geni.

Ulendo woyamba tidafika pa depoti ya mabasi ku Old Town, kumene eni ake amangoti ku Tauni, dzuwa litangolowa. Kuchokera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 okha, koma msewu wake umangokwera. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pomwe pali nyanja zamchere, pamene mzinda wa Lilongwe uli pa mamita opitirira 1,000. Kusiyana kumeneku tidakumva m'mafupa. Mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Lilongwe umatha kuzizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo amene adachitapo wudhu wa swala ya Subuhi ndi madzi a pampopi mwezi umenewu sangaiwale. Agogo adati madziwo ali ndi mano.

Kutacha tidatsikira ku msewu wa Malangalanga, kufupi ndi msika waukulu ndi mzikiti wa ku Old Town, n'kulowa m'katiyirumu kena kamene utsi wake unkatulukira pakhomo. Agogo adakhala pa benchi, manja ali m'khwapa, n'kunena kuti, "Mwanangu, tipatseniko chai." Mtsikana wogulitsayo adayang'ana mnzake, kenaka ife. "Akuti chiyani agogowa?" Titamuuza kuti akufuna tiyi adaseka, n'kufunsa funso limene mumalimva m'matiyirumu onse: "Wamkaka kapena wopanda? Nanga chomwera?"

Agogo sadalakwe, mtsikanayonso sadalakwe. Masamba amenewa adachokera ku China, ndipo dzina lake lidatuluka m'dzikolo kudzera pa makomo awiri. Amalonda a ku Holland ankagula masambawo ku doko la Amoy, kumene anthu ake ankawatcha te, ndipo dzina limeneli ndi limene lidafika kwa Angelezi, n'kudzatipeza ife ngati tiyi pamene minda ya ku Mulanje inkatsegulidwa m'zaka za m'ma 1890. Koma madera ena a China ankati cha, ndipo dzina ili lidayenda ndi apaulendo mpaka kwa Aperezi, Amwenye, Aluya ndi Aswahili. Chiswahili chidafika kunyanja kwathu kalekale ndi amalonda monga Jumbe wa ku Nkhotakota, amene adakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1840, ndipo mawu ambiri a kugombe adatsata njira yomweyo. Abale athu a kutsidya ku Mozambique nawo amati chá potsata Apwitikizi. Ngakhale ku Old Town komweko, mukalowa kuseri kwa sitolo ya Mmwenye mumva fungo la tiyi wowiritsa pamodzi ndi mkaka ndi zonunkhiritsa, ndipo mwini wake amutcha dzina lomwe adatchula agogo.

Funso lija la wamkaka lidatikumbutsa mmene timayankhulira. Mwana akakhoza mayeso, kapena timu ya mpira ikapambana, timati akumwa wamkaka. Sititchula n'komwe kuti wamkakayo ndi tiyi, aliyense amadziwa. Mawu amenewa akutiuza za nthawi imene mkaka m'kapu unkaoneka patsiku lachisangalalo lokha, ndipo m'makomo ambiri nthawi imeneyo siidathe. Kunena za chomwera, Juni ndi mwezi wa mbatata, ndipo m'tiyirumu muja mudali mbale ya mbatata yophika, ina ya chinangwa, kenaka mandasi ndi masikono a amene matumba awo akulemera. Shuga ankathira masipuni atatu kapena anayi, shuga wa ku Dwangwa kwathu komwe kuno. Mwana wathu, amene amakonda nthabwala, adafunsa mtsikana uja kuti kwawo n'kuti. Atayankha kuti kumwera, mwanayo adati, "Kumwera mbatata kapena kumwera mandasi?" Pa pepala mawu awiriwa amalembedwa chimodzimodzi, koma khutu la mwini chiyankhulo limawasiyanitsa.

Pamenepa pali chinthu chimene a ku Lilongwe ambiri sachiganizira. Tsiku lililonse m'maofesi a ku Capital Hill mumalembedwa makalata onena za Chigawo cha Kumpoto ndi Chigawo cha Kumwera. Koma mpoto ndi mwera ndi mphepo, ndipo amene amazidziwa bwino ndi ife. Mwera umaomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina masiku atatu kapena anayi osapuma, ndipo wamiza mabwato ambiri. Mpoto umabwera ndi dzinja. Akuluakulu amatchulanso vuma wochokera kotulukira dzuwa ndi zambwe wochokera kolowera dzuwa, n'chifukwa chake mumamva kuvuma ndi kuzambwe. Ku Lilongwe mwera umangofika ngati kamphepo kouma kong'amba milomo ndi kuyeretsa miyendo ya ana, ndipo palibe amautchula dzina. Amangoti kukuzizira. Chiyankhulo chomwe tikulembachi chinkatchedwanso Chinyanja, dzina la madzi athu, mpaka mu 1968 pamene msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko.

Tsiku lachitatu tidaitanidwa ndi mlamu wathu wina amene adapita patali ndi sukulu ndipo amakhala ku Area 10. Kuti mufike kumeneko kuchokera ku Tauni mumadutsa pambali pa nkhalango yosungidwa ya m'mbali mwa Lingadzi, n'kutulukira ku City Centre, ndipo mumaona ngati mwalowa mumzinda wina. Ndi momwemodi. Old Town idakula yokha kuchokera pa boma laling'ono la atsamunda la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndi masitolo a Amwenye, msika ndi fodya. City Centre idayamba yajambulidwa pa pepala. Bungwe lomanga likulu, la Capital City Development Corporation, lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo likulu lidasamuka ku Zomba mu 1975. Nyumba ya Malamulo ya masiku ano idatsegulidwa mu 2010. Manambala a madera asakupusitseni: Area 10 ndi yoyandikana ndi Area 43, ndipo Area 3 imagundana ndi Area 9. Mlendo amene akuganiza kuti madera onse amatsatana ngati makalasi a kusukulu adzagona panjira.

Madera amenewa anthu amawatcha kumayadi. Nyumba zake n'zotalikirana, zobisika m'mipanda ya njerwa ndi mitengo, ndipo mumsewu mumangomva agalu ndi mbalame. Titangokhala pansi, mayi a pakhomopo adafunsa kuti, "Mumwa chiyani? Tiyi, khofi kapena juwisi?" Agogo adangoyang'ana pansi. Kwathu mlendo safunsidwa. Akafika mumampatsa madzi, kenaka chimene chilipo, chifukwa kumufunsa kumamveka ngati mukufuna akane. Tidachita kuwanong'oneza kuti kuno kufunsa ndiwo ulemu wake. Tiyi adabwera m'timakapu topyapyala, mkaka m'kajagi kakekake, shuga m'kambale ndi kasipuni kangati ka mankhwala a mwana. Agogo adathira kasanu, akuwerenga mokweza. Potuluka madzulo tidapeza mlonda wa pageti atakumbatira mbaula, tiyi wake ali m'chitini chachikulu, akumwera chinangwa chootcha. Agogo adaima naye nthawi yaitali kuposa imene adacheza m'nyumba muja, ndipo tidamva akuseka.

Khofi tidamulawa ku City Centre, kumene amamwa a m'maofesi ndi azungu. Amalimidwa kumapiri a kumpoto monga ku Misuku, ndipo ambiri amamudziwa ndi dzina la Mzuzu Coffee. Dzina loti khofi lidachokera ku Chiarabu, qahwa, limene Aswahili amati kahawa, ndipo lidazungulira ku Turkey ndi ku Ulaya lisadatipeze. Mtengo wa kapu imodzi ukadatigulira ndiwo za masiku awiri, choncho sitidabwerezenso.

Pobwerera kwathu agogo, amene bambo awo ankayenda pa zombo za matanga, adatiuza chinthu chimene sitinkachidziwa. Ife tikati masika timanena nyengo yokolola, cha mu Epulo ndi Meyi, pamene nkhokwe zikudzaza ndipo ku Kanengo malole a fodya ali pamzere. Aswahili a kugombe nawo ali ndi masika, miyezi yake pafupifupi yomweyo, koma kwa iwo ndi nyengo ya mvula yamphamvu. Dzinja nalo limasokoneza ena. Dzinja ndi nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi, koma ena pomasulira nkhani za ku Ulaya amatcha nyengo yozizira kuti dzinja, mwana n'kukula akuganiza kuti dzinja ndi kuzizira. Kuzizira kwa Juni ndi chisanu. Chikatha chisanu ndiye chilimwe, ndipo mukamvetsera bwino mumva khasu m'kati mwa dzinalo, pakuti ndi nthawi yososa ndi kukonza minda.

Chilimwe chenichenicho ndi chimene tidachipeza paulendo wachiwiri. Mu Okutobala mzinda wa Lilongwe umasanduka wofiira. Fumbi limalowa m'maso, m'mbale ndi m'zovala za m'sutikesi, ndipo kamvulumvulu amanyamula mapepala a pamsika n'kukawataya kutsidya kwa mtsinje. Kumayadi mitengo ya jakaranda imakhala itavala maluwa apepo opanda tsamba, ndipo nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa. Kunyanja kumatentha kuposa apa, koma kwathu ukatenthedwa umalowa m'madzi. Matiyirumu aja tidawapeza ali pululu masana. Malonda adali atasamukira kwa amayi okhala ndi zidebe ndi mabokosi oziziritsira pa depoti, pa mlatho ndi pakhomo pa msika, ndipo mawu amene ankamveka ponseponse adali amodzi: "Thobwa lozizira! Thobwa lozuna!"

Thobwa tonse timalidziwa, koma tiyeni tikumbutsane mmene limapangidwira chifukwa nkhani yagona pamenepo. Mayi amaphika phala la mgaiwa n'kulisiya kuti lizizire pang'ono, kenaka amathiramo chimera cha mawere kapena cha mapira. Chimeracho chimasungunula phala lija n'kulipatsa kuzuna. Likagona usiku umodzi, m'mawa amaliwiritsanso, ndipo likazizira ndiye thobwa, chakumwa cha alimi, cha pa ukwati, cha pa sadaka. Koma mowa wa masese nawo umayambira pomwepo, pa phala ndi chimera. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi kwenikweni ndi masiku. Shuga amene ali m'thobwa akakhalitsa pamalo otentha amayamba kuwira yekha popanda moto, ndipo kuwira kumeneko ndiko kumabala choledzeretsa. Mu Juni thobwa limachedwa kusintha. Mu Okutobala limathamanga.

Ife tidaziona ndi maso. Lachinayi masana tidagula mabotolo anayi pa depoti. Awiri tidamwa pomwepo, ndipo lidali thobwa labwino ndithu. Awiri enawo adaiwalika m'chikwama, m'chipinda cha malata cha mwana wathu ku Mchesi, mmene masana mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Loweruka m'mawa tidawapeza atalimba ngati mwala. Mwana wathu atangopotoza chitsekerero, botolo lidafuula, thovu n'kuulukira kudenga, fungo lowawasa n'kudzaza nyumba yonse. Kamwana ka aneba, kamene kankakonda kudzakhala pa mwendo pa agogo, kadali katatambasula kale kapu yake. Agogo adalanda mabotolo onse awiri n'kukawakhuthulira m'ngalande. Mwana wathu adadandaula kuti, "Agogo, si thobwa lomwe lija tidagula limodzi?" Iwo adayankha kuti, "Lachinayi lidali thobwa. Lero funsa mphuno yako."

Zimene adachita agogo si zachilendo kwa amene adakhalapo pa madrasa. M'buku la Hadith la Sahih Muslim muli nkhani yochokera kwa Ibn Abbas yonena kuti Mtumiki (SAW) ankamuviikira mphesa zouma m'madzi, ndipo ankamwa madziwo tsiku lomwelo, mawa lake, mpaka madzulo a tsiku lachitatu, kenaka otsalawo sankawasunganso. Chakumwa chimenechi chimatchedwa nabidh, ndipo ndi m'bale wake wa thobwa: chozuna ndi chololedwa chikadali chatsopano, chokayikitsa chikakhalitsa. Vuto la m'tauni n'lakuti simudziwa kuti botolo lagona masiku angati lisadafike m'manja mwanu. Mukafunsa kuti ndi la liti, wogulitsa aliyense amati ndi la lero. Ife tidaphunzira kufinya botolo tisadapereke ndalama. Likakhala lofewa tigula, likakhala lotupa tibweza, ndipo tikalawa n'kumva kuthetheka pa lilime timasiyira pomwepo.

Mayina ake nawo ndi ambiri mumzinda wa anthu a mitundu yonse ngati umenewu. Atumbuka amati chindongwa. Ku Tanzania amati togwa, ndipo mukumva nokha kuti ndi dzina lomwelo. Maheu, amene tsopano amagulitsidwa m'mabotolo omata m'masitolo, dzina lake n'lochokera kumwera kwa Africa kumene makolo athu ankapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale. Zonsezi zilibe vuto. Koma tsiku lina tikudutsa kuseri kwa msika, kufupi ndi kamsewu kamene eni mzinda adakapatsa okha dzina loti Devil Street, agogo adaona amuna atakhala pamzere akukhutchumula mapaketi a pepala asadamwe. Adayamikira kuti amuna a ku Lilongwe amakonda mkaka. Udali Chibuku. Wina akati tiyeni tikamwe Green, sakunena za ndiwo zamasamba ayi, akunena botolo la mowa wa Carlsberg, umene fakitale yake idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Wina akakuitanirani ku Bwandilo, ku Area 47, madzulo a Lachisanu, dziwani kuti si kumpira. Pa Chiyao n'zosavuta, mesi ndi mesi, ukana ndi ukana. Pa Chichewa cha m'tauni mawu oti chakumwa amavala zovala ziwiri, n'chifukwa chake olemba makadi a ukwati amachita kutalikitsa kuti zakumwa zoziziritsa kukhosi pofuna kunena Fanta, Coca-Cola kapena Sobo.

Ndipo pali mawu amodzi amene makolo tonse timawadziwa kulemera kwake. Timamwa madzi, timamwa phala, timamwa mankhwala. Koma wina akafunsa za mnyamata amene akufunsira mwana wanu kuti, "Kodi amamwa?" osatchula chimene amamwacho, palibe amaganiza za phala. Tili ku Lilongwe tidafunsa funso limeneli kwa mayi mwini nyumba imene mwana wathu amachita lendi, iye atapita kuntchito. Mtima udali m'mwamba mpaka mayiwo atayankha kuti, "Ameneyo? Tiyi yekha, koma shuga ndiye amatha."

China chidatichitikira pa geti ya ofesi ina kumene tidapita kukasainitsa mapepala. Bambo wa pagetipo atatilozera khomo adati chapansipansi, "Nanga ya Fanta, bwana?" Ife tidadziwa kuti akunena ndalama, pakuti masiku ano kangachepe kali ndi mayina ambiri a zakumwa: ya Fanta, ya madzi, ya tiyi. Agogo sadadziwe. Adamva chisoni kuti munthu waima padzuwa tsiku lonse, n'kutulutsa m'chikwama botolo la madzi a malambe n'kumupatsa ndi manja awiri. Bamboyo adalandira, adathokoza, ndipo sadatchulenso za Fanta.

Malambe amenewo ndi a kwathu. Mitengo ya mlambe imakonda kunyanja ndi kuchigwa kotentha, ndipo zipatso zake zimakwera mtunda wa ku Salima m'matumba pamodzi ndi bwemba. Ku Tauni amayi amaziviika, kusefa, kuthira shuga n'kuziumitsa m'timapepala tapulasitiki timene ana asukulu amayamwa pobwerera kunyumba. M'masitolo akuluakulu a kumayadi tidapeza madzi a malambe omwewo ali m'mabotolo okongola, pamtengo umene tikadauza ana a kwathu, amene amangotola malambe pansi, sakadakhulupirira. Bwemba naye ali ndi mbiri yake: dzina limene azungu amamutchula lidachokera ku mawu a Chiarabu oti tamr hindi, kutanthauza tende wa ku India.

Tili pansi pa mthunzi wa mzikiti wa ku Old Town itatha swala ya Ijumaa, mkulu wina adatifunsa ngati tikukumbukira Ramadhan ya mu 2004 ndi 2005. Ndani angaiwale? Zaka zimenezo mwezi wosala udagwa mu Okutobala, ndipo pofika nthawi ya Asr lilime linkakhala ngati chikopa. Pa futari palibe ankayang'ana mbale asadaone kapu. Koma mu 2015 ndi 2016 Ramadhan idayamba mu Juni: usana waufupi, wa maola osakwana khumi ndi awiri, ludzu lochepa, vuto n'kukhala kudzuka pa daku m'chisanu chija. Mu 2025 idagwa mu Malichi, chimanga chachiwisi chili pamoto. Chaka cha mwezi n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi chaka cha dzuwa, choncho Ramadhan imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka n'kuzungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Dzina lakelo limachokera ku mawu a Chiarabu onena za kutentha koopsa kwa nthaka, koma mwana wobadwa mu 2010 sadaionepo Ramadhan ya mu Okutobala, ndipo adzaiona ali bambo kapena mayi wa ana.

Usiku woti mawa tinyamuka kudagwa kamvula. Sikadakhalitse, kadangonyowetsa fumbi n'kudzutsa fungo la dothi limene lidatulutsa anthu onse m'nyumba. Aneba a mwana wathu, Achewa a ku Mitundu, adati imeneyo ndi chizimalupsa, mvula yozima phulusa la tchire lootchedwa, ndipo wodzala nayo amalira.

Mu Januwale tidaupeza mzinda uli wobiriwira moti sitidauzindikire. Chimanga chidali paliponse, m'mphepete mwa misewu, pakati pa maofesi a ku City Centre, ngakhale kuseri kwa mipanda ya kumayadi. Mtsinje wa Lilongwe, umene mu Okutobala mwana akadaudumpha, udali utadzaza ndi madzi ofiira othamanga, ndipo timilatho tamitengo tolipiritsa timene timalumikiza msika wa Tsoka ndi wa Lizulu tinkagwedezeka moti agogo adasankha kuzungulira pa mlatho waukulu. Amayi a thobwa adali ochepa. Januwale ndi mwezi umene chimanga chimakwera mtengo, nkhokwe zapepuka, ndipo ufa umene ulipo umapita ku nsima. Mvula ikagwa tsiku lonse, ija timati mvumbi, anthu amabwerera ku tiyi, koma wopanda mkaka, pakuti ndalama zapita ku fizi ndi feteleza.

Chakumwa chimene tidachiganizira kwambiri ulendo umenewu ndi madzi enieniwo. M'dzinja madzi amachuluka, koma akumwa ndi amene amasowa, chifukwa zithaphwi, zimbudzi zosefukira ndi zitsime zosatetezedwa zimasakanikirana. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene idapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Idazunza kwambiri maboma a kunyanja monga Mangochi, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kuyambira nthawi imeneyo mwana wathu sagula madzi a m'mapepala omanga pamanja, ndipo pashelefu pake sipasowa mankhwala othira m'madzi ndi paketi ya Thanzi. Madzi a m'mipopi ya mzindawu amachokera ku madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo mtsinje umene umawadzaza umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama. Makala ambiri amene amawiritsa tiyi ku Tauni, aja amabwera pa njinga m'bandakucha, akhala akuchokera m'nkhalango yomweyo. Kwa zaka zingapo tsopano pakhala ntchito yofuna kukoka madzi a m'nyanja kuchokera ku Salima kudzera m'mipaipi mpaka ku Lilongwe. Titawafotokozera agogo adati ndiye kuti mdzukulu wawo adzayambanso kumwa madzi a kwawo, koma adafunsa ngati a ku Lilongwe adzakumbukire kupereka moni kwa eni nyanja.

Tsiku lobwerera basi idachedwa kudzaza, mvula ikuwaza, ndipo tidathawira m'katiyirumu komwe kaja ka pa Malangalanga. Agogo adali atakonzeka. Adakhala pa benchi, adakonza mpango wawo, n'kunena momveka bwino ngati mwana wa sukulu kuti, "Tipatseniko tiyi wamkaka, chomwera mandasi awiri." Mtsikana uja adatembenuka, adawayang'anitsitsa, n'kuwomba m'manja. "Agogo a chai aja! Mwabweranso?" Ndipo adakuwira mnzake wa kumoto kuti, "Chai imodzi ya agogo, shuga kasanu!"